Pulaneti la Esinati

Lolemba
Wailesi yati kuseri kwa mapulaneti onse kuli lina lalikulu lomwe palibe analionapo. Akatswiri akungoliganizira chifukwa timiyala ta kumeneko tikupendekera mbali imodzi, ngati pali china chikutikoka. Ndi dzina lomwe lilibe! Ndiye ndaganiza: ndilipeze ineyo, ndilitche dzina la Esinati, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndimufunsire. Anyamata ena amapereka chitenje. Ine pulaneti.

Lachiwiri
Zofunika popanga choonera nyenyezi:
paipi yothirira nazale ya fodya (ya malume)
magalasi owerengera Baibulo (a malumenso)
mphira wa njinga
Ndamanga, ndasuzumira. Mdima wake wokongola bwanji, wozizira, wopuma pang'onopang'ono! Kenako walira. Mupaipi muli chule.

Lachitatu
Dzuwa likulowa, dambo lonse lafiira. Esinati akuchokera kothirira ndi kheni pamutu. Wasiya njira, wakwera chulu chachitali chija, dzanja m'mwamba, nkhope kumwamba. Nayenso akufunafuna! Mtima wanga wachita kuti myaa. Bedi limodzi la mbande ndalithirira kawiri, linalo ndaliiwala.

Lachinayi
Malume alanda magalasi awo. "Iwe, mbande zikufa, ukufuna dziko lina? Linoli wamaliza kulima?"
Paipi yokha yatsala. Palibe kanthu. Ndagona chagada pansi pa chigafa, ndikuliganizira. Kumeneko mvula siichedwa, fodya sabwerera kuokushoni. Akuti chaka chake chimodzi ndi zaka masauzande. Ine ndi Esinati sitikakalamba.

Lachisanu
Ndalimba mtima, ndakwera chulu, ndamupeza Esinati. Ndamufotokozera zonse: kutalika kwake, kuzizira kwake, kusaoneka kwake. Wapumira m'mwamba. "Zoona achimwene, chinthu chakutali chimakoka."
Wandimvetsa! Koma bwanji "achimwene"?

Loweruka
Ndauza mlongo wanga kuti Esinati amakonda zakumwamba. Waseka mpaka kugwira nthiti. "Achimwene inu! Mudzi wonse uno netiweki imagwira pachulu pokhapo. M'dzanjamo mumakhala foni. Amayankhula ndi chibwenzi chake cha ku Joni."
Akuti mnyamatayo anapita kalekale, ine ndisanabwere kudzakhala kwa malume. Chaka chilichonse amati abwera Khirisimasi.
Madzulo ano sindikudya.

Lamulungu
Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Sindinafunsire munthu. Paipi ndabweza, chule wabwereramo. Mbande zatsala bedi limodzi.
Zikundipweteka, koma akatswiri aja ndawakhulupirira tsopano kuposa Lolemba. Mnyamata wa ku Joniyo sindinamuonepo, mudzi uno unaiwala ndi nkhope yake yomwe. Koma taonani: dzuwa likulowa, Esinati akuchokera kudambo, ndipo njira yake yayambanso kupendekera kuchulu.