Pulotoni Yanga Yanenepa

Lolemba
Ntchito ndi yomveka. Ku Ulaya anawombera maelekitironi pa mapulotoni, makina angapo ondondozana n'kulemba kadontho paliponse pamene elekitironi yadutsa. Ine ndilumikize timadonthoto, njira zioneke. Mmene zakhotera ndimo tidziwira kukula kwa pulotoni. Aphunzitsi anga, a Wanjiru, akuti ndigwiritse ntchito pulogalamu ya pakompyuta yomwe ilipo kale. Ndakana. Ndikulemba yanga, Lachisanu ndikaionetse kwa onse a fizikisi. Sindinabwere ku Nairobi kudzakopera.

Lachiwiri
Pulogalamu ikuyenda, njira zikutuluka bwinobwino. Kungoti pulotoni yatuluka yaikulu kuposa atomu imene imakhalamo. Yusufu, mnzanga wogona naye chipinda kuno ku Madaraka, akuti, "Achimwene, mwina yanuyo imadya bwino." Munthu wophunzira zamalamulo asandiuze kanthu.

Lachitatu
Yaphwako pang'ono. Koma tsopano maelekitironi ena akukhota asanafike pa pulotoni, ngati matatu, minibasi ya kuno, yoona apolisi kutsogolo. Amayi aimba kuchokera ku Balaka: "Chinthu ukuyezacho unachionapo?" Ndikuti sichioneka. Akuti: "Chabwino, tikupempherera."

Lachinayi
A Wanjiru ayang'ana kompyuta yanga nthawi yaitali, n'kungoti "Pole." Sindikufuna chipepeso. Akatswiri enieniwo akhala akukangana zaka zambiri za kukula kwa kanthuka, wina izi, wina izo. Ine ndikanena zanga ndalakwa chiyani? Ndasita suti.

Lachisanu
Chipinda chadzaza. Ndikulankhula molimba mtima mpaka pulofesa wina wa imvi akweza mkono: "Makina achiwiri ndi achitatu simunawasinthanitse mu pulogalamu yanuyi?" Ndikuyankha kuti sizingatheke. Akundipempha nditsegule pamaso pa onse. Ndatsegula. Zatheka. Masamosa a pambuyo pa msonkhano ndadyabe, sindinathawe.

Loweruka
Ndabweza makina m'malo mwake. Njira zalongosoka, pulotoni yaonda. Yankho likufanana ndendende ndi la pulogalamu yakale ija, kusiyana kwake yanga imatenga tsiku lathunthu ndipo kompyuta imatentha moti Yusufu wayanikapo masokosi.

Lamulungu
Kutchalitchi ku Parklands, amayi ena akwathu akundionetsa kwa alendo kuti, "Awa ndi aja amayeza tizilombo." Sindikutsutsa, ndatopa. Potuluka ndikupeza uthenga wa a Wanjiru: mawa tiyambirenso, ndi pulogalamu yakale. Ndayankha kuti sawa. Koma mizere ya njirazo ndiipaka mtundu wanga, pamenepo asandiuze.