Kagetsi Kachikasu ndi Chinkhoswe cha ku Mavwere

Lolemba
Loweruka ndi chinkhoswe cha Yamikani, mwana wa mlongo wanga, ku Mavwere. Nkhoswe ndine, malume wamkulu. Ndalonjeza kunyamula akuluakulu anayi ndi tambala wokapereka kuchikazi, pa galimoto yanga ya otomatiki. Ndiye lero, mwa masiku onse, kagetsi kachikasu kayaka pa dashibodi! Galimoto ikuyenda ngati ng'ombe yotopa.

Lachiwiri
Kwa a Zimba, makaniko a pansi pa mtengo pa Boma. Iwo sayeza ndi makina, amayeza ndi khutu. Atsamira pa boneti, maso ali tsinzi. "Ndi tabo ya mu injini iyi, bwana. Ikulira mluzu." Ine sindikumva mluzu uliwonse, koma ndikugwedeza mutu ngati wodziwa. Asintha oyilo. Kagetsi kali ngwee.

Lachitatu
Kwa mnyamata wa kompyuta. Walumikiza chingwe pansi pa chiwongolero, pakutuluka manambala. "Si tabo, madala, ndi giyabokosi. Yakakamira pa giya yachitatu." Ndamufunsa mankhwala ake. Akuti iye amangowerenga, sakonza.
Matenda mpaka pano:
tabo,
giyabokosi,
dizilo wa m'zigubu (akutero mlamu wanga wa ku Chipata pa foni),
kunyada (akutero mayi a kunyumba).

Lachinayi
Mng'ono wanga Alifeyo akuti tingolankhula ndi wa minibasi. Minibasi! Nkhoswe ikatsike pamodzi ndi matumba a mtedza? Ndamuuza kuti asamale zake. Ndikungotuluka kukaliza galimoto, kuzimitsa, kulizanso. Kagetsi kakungondiyang'ana.

Lachisanu
Zatheka! A Zimba achotsa waya wa batire, adikira pang'ono, abwezera. Kagetsi kazima! "Kamangofuna kupuma," akutero. Ndatsuka galimoto kawiri. Suti yasitidwa. Tambala wamangidwa miyendo. Alifeyo akuti iye adzatsogola ndi Yamikani pa minibasi. Atsogole!

Loweruka
Tangosiya msewu wa tala pang'ono, kagetsi kabwerera, kabweranso ndi kanzake kofiira. Utsi wakuda. Paphiri galimoto yazima. Anthu a m'mudzi akhamukira kudzathandiza, amuna asanu ndi atatu. Ndikuwauza kuti otomatiki siilira ndi kukankha. "Galimoto iliyonse imalira ikakankhidwa, achimwene!" Akankha mpaka kudambo. Siyinalire. Tsopano ili m'matope.
Akuluakulu akakhala pamthunzi, andifulatira. Foni ikungolira. Akuchikazi akhala pabwalo kuyambira m'mawa, ndipo ayamba kufunsa ngati mnyamatayu ali ndi abale.
Ndafika dzuwa litapendeka, pa kabaza, tambala kukhwapa, suti ili matope okhaokha. Ndapeza nthungululu zatha kale. Alifeyo wagula tambala wina m'mudzi momwemo, wayimirira m'malo mwanga, walandira thadzi. Manyazi andigwira mpaka m'mafupa.

Lamulungu
Galimoto yabwera chokokedwa ndi thirakitala. Woyendetsa wake wasuzumira mu injini, wandionetsa paipi ya tabo yovuka. Waibwezera, wamanga. Timagetsi tonse tazima, magiya akusintha bwinobwino. Sindinasangalale.
Masana ndakhala pakhonde. Yamikani ndi mkazi wake akubwera ndi msewu. Ndakonza mipando iwiri, malangizo ndawakonzanso. Afika pachipata, agwada mwaulemu: "Mwaswera bwanji, malume? Tikupita kaye kwa ankhoswe."
Alowera kwa Alifeyo. Mwana uyu ndinamulera ndine.