Zaka zinayi zimene ndinawapatsa a Sudi

Ine ukwati wanga woyamba unalephereka chifukwa munthu wina anakana kufa pa nthawi yake. Mundimvetsere mpaka kumapeto, poti ena akaimva nkhaniyi pakatikati amandiyesa mfiti.

Inali nthawi ya Chitaganya, ndili kalaliki pamalo ogulira mpunga ku Nkhotakota. Tsiku lina sitima inatsitsa mzungu wogulitsa inshuwalansi, ndipo poti Chingerezi changa sichinali chochititsa manyazi, ndinakhala womumasulira. Iyeyu ndiye anandiuza za anthu otchedwa akichuwale. Akuti amakhala mu ofesi ku Halale, ntchito yawo n'kuwerengera kuti munthu wa msinkhu wakutiwakuti watsala ndi zaka zingati, kuti kampani idziwe zomulipiritsa. Nditafunsa za malipiro, iye anati, "Zimene iwe umalandira chaka chonse, iye amalandira mwezi usanathe."

Basi, ndinatsimikiza mtima pomwepo. Ndinagulitsa njinga yanga n'kuitanitsa buku pa positi. M'bukumo munali ndandanda wa manambala: ukapeza zaka za munthu, pambali pake pali zaka zomwe zamutsalira. (Sindinadzifunse kuti anthu anawerengedwa m'menemo anali a ku Mangalande, oti chambo sanachilawepo.)

Nthawi imeneyo n'kuti ndikufuna Asiyatu, mtsikana amene ankati akandiyang'ana, ndinkasokoneza sikelo. Mwini mbumba anali amalume ake, a Sudi, nkhalamba yomwe inakulira pa zombo zowoloka nyanja, yokonda fodya wa m'mphuno, yachifuwa chomveka kutsidya kwa msewu. Tsiku lokaonekera litakwana, amalume anga a Jafali, omwe anali nkhoswa yanga, anandilangiza m'njira.

"Iwe ukakhale ngati chitsa. Pamenepo wolankhula ndi nkhoswa. Akakupatsa moni, uyankhe moni, watha."

Ndinavomera, koma buku lili m'thumba la jekete.

Zonse zinayenda bwino mpaka a Sudi atafunsa kuti, "Nanga ukalaliki wa mpungawu udzamudyetsa mwana wathu?" A Jafali anangoti atsegule pakamwa, ine ndalowa kale.

"Ukalalikiwu ndi wongodutsa, bambo. Ine ndikukhala akichuwale. Asiyatu adzagona m'nyumba ya malata."

"Aki chiyani?"

Ndinafotokoza. A Jafali anandiponda chala, ine n'kusuntha phazi, n'kupitiriza.

"Ndiye mumadziwa ajali ya munthu, tsiku lake lofa?" anatero a Sudi, akunusa fodya wawo. "Ife timati amadziwa ndi Mwenyezi Mungu yekha. Tandiwerengereni ineyo."

Munthu wanzeru akanaseka n'kupepesa. Ine ndinatulutsa buku ndi pensulo. Chaka chobadwa sankachidziwa, koma anati pa nkhondo ya Jeremani anali ndi ana awiri kale. Ndinayerekeza zaka zawo, buku linati zatsala khumi. Ndinachotsapo ziwiri za fodya, ziwiri za chifuwa, ndi ziwiri zina poti ankakwerabe bwato. (Zochotserazi m'buku munalibe, zinali nzeru zanga, ndipo ndinkanyadira.)

"Zinayi, bambo," ndinatero mwaulemu wonse, nditagwira chipewa.

Mayi ake a Asiyatu, omwe anakhala pamphasa chapatali, anakuwa: "Astaghafirullah! Wabwera kudzafunsira mbeta kapena kudzayeza manda?"

A Sudi okha ndiwo anaseka, mpaka chifuwa chija chinawagwira. Atapuma anati, "Zinayi si zambiri, akalaliki. Dikirani. Ndikapita m'zaka zimenezo, ndiye kuti ntchito mukuidziwa, ndalama zija zibwera, mwanayo mudzamutenge. Ndikapitirira, ndinu wa mpunga basi."

Ndinati, "Ndavomera." A Jafali sanandilankhule mwezi wathunthu.

Taonani tsono pomwe ndinadziika. Mkazi ndinkamufuna ndi mtima wonse, koma njira yomupezera inadutsa pamaliro a amalume ake. Ndikakumana ndi a Sudi kumsika ndinkawapatsa moni wautali, khutu lili pachifuwa chawo. Iwo ankadziwa, ndipo ankatsokomola dala kuti andisangalatse. Atadwala malungo ndinapita kukawazonda ndi nthochi, nthochizo abale awo anazitaya kudzala ine ndikuona. Amayi a m'mudzimo ankalowetsa ana m'nyumba ndikamadutsa.

Asiyatu anandipeza tsiku lina panjira ya kudooko. "Kodi ukufuna amalume anga afe kuti undikwatire?"

"Sindikufuna ayi, ndangowerengera."

Anasenza dengu lake n'kumapita. Chaka chachiwiri chisanathe anakwatiwa ndi msodzi wa ku Dwambazi, mwini khoka la chilimira, munthu woti kuchotsera manambala sankakudziwa. Zinandipweteka kwambiri, ndinalira, sindibisa. Komabe buku sindinalisiye. Ndinalemba makalata asanu ku Halale kupempha ntchito, yankho linabwera limodzi, lonena kuti ndiyambe ndapeza masatifiketi omwe ngakhale mayina ake ndinali ndisanawamvepo.

Chaka chachisanu chitalowa, ndinalandira kaphukusi ka usipa wouma. M'kati munali kapepala ka mawu amodzi: "Ndikadalipo." Chaka chotsatira kanabweranso. Chitaganya chinatha, azungu anapita, a Jafali anamwalira, ine ndinakwatira kwina n'kumera imvi pa sikelo yomweyo ya mpunga, usipa uli kubwerabe. Ndinaudya maphukusi khumi ndi asanu ndi anayi.

A Sudi atamwalira ndinapita kumaliro. Pobalalika, Asiyatu, ali ndi mdzukulu kumsana, anandiitanira pambali.

"Amalume anasiya uthenga wanu. Anati, mukamuuze kalaliki kuti tsopano akhoza kubwera."

Nditafika kunyumba ndinatsegulanso buku lija kuti ndione pomwe ndinalakwitsa. Ndawerengera kangapo konse, ndipo mpaka lero ndikunenetsa kuti masamu anga anali olondola. Analakwitsa ndi a Sudi.