Zochapa za Mayi Effie pa Bwalo la Gofu

Ku Portskail kunalibe munthu wosadziwa kuti mayi Effie Gourlay amayanika zovala pa bwalo la gofu. Osati m'mphepete ayi, pakati penipeni, pafupi ndi dzenje la 17, pomwe akatswiri amafika mtima uli m'mwamba. Lolemba lililonse ankatuluka ndi dengu m'chiuno, mapegi opanira zovala m'thumba la epuloni, n'kudutsa pakati pa osewera ngati akudutsa pakati pa nkhuku zawo. Mlongo wawo wamng'ono Wattie, amene moyo wake wonse ankanyamulira osewera zikwama za ndodo pabwalo lomwelo, akawaona akubwera ankayang'ana kunyanja ngati sakuwadziwa.

Sikuti mutu wawo sunkayenda bwino. Kalata yakalekale ya tauniyo inkanena kuti dambo la m'mbali mwa nyanjalo ndi la anthu onse a mu Portskail, aziseweramo ndi kuyanikamo zovala, koma ukadzatha mwezi wathunthu popanda woyanikapo kanthu, malowo adzapite m'manja mwa khonsolo. Kale amayi ankayanika mpaka dambo lonse kuyera mbee. Kenako kunabwera makina oumitsira zovala, ndipo mmodzimmodzi anasiya. Anatsala mayi Effie okha, ndipo chifukwa cha iwowo ana a asodzi ankasewera gofu ulere pamalo pomwe alendo ankakhuthula mapaundi.

Poti ankakhala okha zochapa zinkachepa, choncho ankachapabe makabudula amkati a malemu amuna awo, aatali aja ofika m'akakolo, mwiniwake atatha zaka makumi awiri ali kumanda. "Archie sanayerepo chonchi ali moyo," ankatero.

Tsiku lina katswiri wina wa ku Amerika anamenya mpira, mphepo n'kuutenga, n'kukaulowetsa m'mwendo wa kabudula. Anafika atavula chipewa.

"Pepani mayi, mpira wanga walowa m'chovala chanuchi."

"Si changa, n'cha amuna anga. Kapemphe kwa eni ake."

"Ali kuti?"

Mayi Effie analoza kumanda, kuseri kwa tchalitchi. "Pita, masiku ano sakanakana."

Wattie, amene ananyamula chikwama cha katswiriyo, analakalaka nthaka itang'ambika. Koma kuyambira chaka chimenecho akalabu ya gofu analemba lamulo pa khadi la osewera: mpira ukalowa m'zochapa za mayi Gourlay utoledwe mwaulemu, chilango palibe.

Zinthu zinayamba kusintha pamene kunabwera nduna ya boma ndi alendo anayi a kampani ya kudziko lina la mafuta. Ankafuna kubweretsa mpikisano waukulu, woonetsedwa pa kanema dziko lonse lapansi, ndi kumanga hotela. Khansala Duthie ndiye ankawatsogolera, akuseka ngakhale posaseketsa. Mwatsoka linali Lolemba. Nduna inapita kukapereka moni kwa mayi Effie, dzanja lili patsogolo, iwo n'kuiikamo nsonga ya nsalu yoyala pabedi.

"Gwirani apa. Kokani, musaope, si ndalama za boma izi, sizithawa."

Mawa lake nyuzipepala inatulutsa chithunzi cha nduna itagwira nsalu, pegi ili kukamwa. Akampani aja sanakwiye, anthu andalama sakwiya msanga. Anawatumizira mayi Effie makina oumitsira zovala atsopano, omangidwa kariboni. Iwo anathokoza mwaulemu n'kusungamo mbatatesi, ati mbewa sizilowamo.

Apa m'pamene khansala anaona kuti pakhomo la kutsogolo salowa, n'kuzungulira kwa Wattie. Anamupeza ku bala akudya nsomba ndi tchipisi.

"Wattie, zaka makumi anayi ukunyamulira madokotala a mano opuma pantchito. Sungakonde kunyamulira katswiri woposa onse padziko, masiku anayi, pa kanema?"

Wattie anasiya kutafuna.

"Chomwe tikupempha n'chaching'ono. Makabudula a Archie asaoneke mpaka mpikisano utatha. Anyamata athu akuthawira ku Glasgow kusowa ntchito, iwe ukudziwa."

"Nanga kalata ija?"

"Aa, zolemba za makolo amawerenga ndani?"

Za anyamata zinali zoona, n'chifukwa chake zinalowa mosavuta. Koma Wattie sanali mwana, ankadziwa bwino amene adzawerenge kalatayo.

Patangotha sabata, mayi Effie analandira tikiti ya ndege, ati mphatso ya khonsolo kwa nzika yokhulupirika: masabata asanu ku New Zealand, kwa mwana wawo Shona, amene anali asanamuone zaka khumi ndi ziwiri. Zidzukulu ankangoziona pa foni. Anaitembenuza tikitiyo uku ndi uku.

"Nyambo iyi, Wattie. Mbedza ili mkati."

"Iwenso Effie, chilichonse kukayika. Pita ukaone ana, ndiziyanika ndine."

"Iwe? Unayamba wagwirapo pegi?"

"Ndiphunzira."

Anamuphunzitsadi, madzulo onse, m'khitchini: malaya kupanira kumunsi, makabudula m'chiuno, ndipo mphepo ikachokera kunyanja mapegi atatu. Pokwera basi anamugwira mkono. "Ngakhale sokosi imodzi, Wattie. Bola ilendewere."

Lolemba loyamba kunagwa mvula, Wattie n'kuti ndipita sabata ya mawa. Lolemba lachiwiri anapeza amisiri akumanga mipando ya oonerera, n'kuchita manyazi kudutsa ndi dengu. Lolemba lachitatu anaitanidwa kukayezedwa ovololo yoyera yokhala ndi dzina la kampani kumsana. Lolemba lachinayi dengu analinyamula ndithu mpaka pakhomo, koma katswiri woposa onse uja anali atafika, akumudikira pa dzenje loyamba. Analibweza kuseri kwa chitseko. Masiku anayi ampikisano aja Wattie anayenda ngati mfumu, anthu zikwi akuwomba m'manja, ndipo katswiriyo ankamutchula molakwitsa kuti Willie.

Mwezi utangokwana khonsolo inakumana m'mawa, nkhaniyo n'kutha tiyi asanazizire. Dambo linabwerekedwa kwa kampani zaka 99. Mmene mayi Effie ankatsika basi, mpanda unali utafika kale kunyanja.

Lolemba anatenga dengu monga mwa masiku onse. Wattie anawatsatira chapatali. Pageti mlonda, mwana wa neba wawo amene anakulira m'manja mwawo, anayang'ana pansi n'kunena kuti popanda chiphaso salowa munthu. Tauni yonse inkadikira bingu. Mayi Effie anangotembenuka n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Unayanika kangati?"

"Kunali mvula, Effie."

"Mvula ya mwezi wathunthu."

Kenako mayi Effie anafunsanso.

"Nanga munthu wakoyo anapambana?"

"Anathera pa nambala naini."

"Naini," anatero mayi Effie, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndimayesa mwina tagulitsa dambo chifukwa cha nambala wani."

Sanamukalipire, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo chimenechi ndicho chinamupweteka Wattie kuposa kutukwanidwa. Ankamuphikirabe supu Lamulungu. Ovololo yake ya kampani ankamuchapira okha, kuisita bwinobwino, n'kumupatsa osanena kanthu. Kawiri konse Wattie anayamba kupepesa, iwo n'kumudula: "Idya, supu ikuzizira." Nthabwala zawo zinachepa, kenako zinatha. Mayi Effie anamwalira nyengo yozizira yotsatira, ndipo kumaliro kwawo khansala Duthie analankhula nthawi yaitali za chikhalidwe chathu.

Portskail lero ndi yoyera, yaudongo, ndipo ntchito zinabweradi, zoyala mabedi ku hotela. Ana amamenyera mipira yawo pamalo oimika magalimoto kuseri kwa sitolo. Lolemba lilibenso chodikira, anthu amangodzuka n'kupita kuntchito. Ambiri timawasowa mayi aja, ngakhale ife amene tinkawaseka tili ndi makina athu m'nyumba, osaganizapo zotuluka ndi sokosi imodzi kukawathandiza.

Mumsewu wawo wonse, amene ali ndi chiphaso cholowera pageti ndi Wattie yekha. Akampani, pozindikira kuti alendo amakonda nkhani zakale, anazika mitengo iwiri pa dzenje la 17, n'kumangapo chingwe ndi zovala zapulasitiki zosauluka ndi mphepo, pansi pake chikwangwani cha dzina la mayi Effie. Akafika pamenepo, ntchito ya Wattie ndi kufotokoza. Amanena za mpira wa katswiri wa ku Amerika, za nduna ndi pegi kukamwa, alendo n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. Ndiye nthawi zonse pamapezeka mmodzi wofunsa.

"Mayi osangalatsa bwanji. Nanga anasiyiranji kuyanika?"

Wattie amaweramira m'chikwama ngati akusankha ndodo, ngakhale yoyenera amakhala ataigwira kale.

"Anakalamba," amatero.