Phazi la a Mhone

Mayi a Tamara amati nkhani iyi ndisamaikambe pagulu. Ndiikamba. Manyazi ake ndinawamva kale, koma kulakwa ndikukana mpaka lero.

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito pachipatala china muno mu Mzuzu, ndipo Loweruka lililonse ndinkaona odwala ulere pakhonde la nyumba yathu ku Katawa. Ndinaikapo benchi. Kumsika munthu sunkalowa wopanda khadi ya chipani, koma pa benchi yanga sindinafunsepo munthu khadi. Lamulo linali limodzi: ukakhalapo ndiwe wodwala, ndipo wolankhula ndine. (Odwala ukawalekerera amayambira nkhani chaka cha njala.)

Mwana wathu Tamara anapeza mnyamata, mphunzitsi wa ku Nkhata Bay. Akwawo anati atumiza thenga, munthu wodzatula mawu a ukwati, Loweruka masana. Mkazi wanga anandichenjeza sabata yonse.

"Bambo a Tamara, tsiku limeneli benchi ilowe m'nyumba. Mukhale bambo, osati dokotala."

Ndinavomera. Koma atangopita kumsika m'mawa, ndinasuzumira panja n'kuona mayi ali ndi mwana wotentha thupi. Ndikanamubweza? Benchi inatuluka.

Wachisanu pamzere anali mkulu wina wa jekete lakuda, chipewa pabondo, nkhuku m'khwapa. Odwala anga ambiri ankabwera choncho, ndi nkhuku yothokozera. Ndikanadziwa bwanji kuti basi ya kunyanja yafika msanga, komanso kuti kwawoko thenga satula mawu asanalowetsedwe m'nyumba?

"Monire adada," anatero mkuluyo. "Ine ndine Mhone, ndabwera..."

"Tulutsani lilime."

Anatulutsa. Ndinawakoka chikope, ndinawavula jekete, ndinawadina pamimba. Kenako, amayi atatu akumva, ndinafunsa kuti kuchimbudzi anapitako liti.

"Adada, ine sindikudwala chara."

"Onse amatero. Nanga mukutsimphiniranji? Vulani nsapato."

Anakana, ine n'kuwavula ndekha. Sokosi inali yobooka, chala chachikulu chili pamtunda. Koma pansi pa phazi, abale inu, panali chilonda cha miyezi, chonunkha, chomangidwa ndi kansanza! Ndinawakalipira ngati mwana wasukulu. Ndinachitsuka, iwo akulira "mayo!", ndipo ndinapaka mankhwala a zilonda aja a jivi mpaka phazi lonse linathimbirira. Nsapato ndinawalanda kuti chilonda chipume.

Apo ndi pomwe mkazi wanga anatulukira, dengu pamutu. Anayang'ana jekete, nkhuku ndi phazi. Dengu linatsika lokha, iye n'kugwada.

"A Mhone! Mwafika kale?" Kenako kwa ine, motsitsa mawu: "Mwamuvula thenga?"

Mkuluyo anaimirira, anatenga nsapato kumanja, nkhuku kumanzere, nati, "Yewo chomene." Anapita osatula mawu ngakhale amodzi.

M'nyumba munazizira masabata atatu. Tamara ankalira kuchipinda, osandiyankha ngakhale moni, ndipo zimenezo zinandipweteka koopsa. Alamu anga anabwera kuchokera ku Zolozolo kudzandiuza kuti ndipite ku Nkhata Bay ndikapepese, apo ayi mwana akalambira pakhomo. Mkazi wanga anati benchi aiwaza nkhuni.

Ndinakhala pa benchipo n'kunena kuti awaze ndi ine ndemwe. Ndikapepese chiyani? Kuti ndinaona chilonda? Phazi lija likanatha miyezi ina iwiri, akanalidula. Za sokosi ndi za kuchimbudzi, chabwino, pamenepo ndinapitirira. Koma phazi ayi. (Koma ndisaname. Ndinkaopa kuti ndamuphera mwana wanga banja.)

Loweruka lachinayi ndikutuluka, ndinaona jekete lakuda lija pamzere, nkhuku yomwe ija m'khwapa. Mkazi wanga anathamanga kuti awalowetse m'nyumba, koma iwo anakana. Anadikira mpaka nthawi yawo, navula okha nsapato. Sokosi inali yatsopano. Chilonda chinali chitauma, changotsala kadontho.

"Adada," anatero, "yambani ndi phazi. Za ana tikambirana mukamaliza."

Ndinapaka jivi, Tamara akusuzumira pawindo.

Masiku ano munthu akakhala pa benchi ndimayamba ndafunsa ngati wabwera ndi matenda kapena ndi mawu. Phunziro langa ndi lokhalo, ndipo ngakhale ayankhe kuti mawu, maso anga amakhala ali kumapazi. Mayi a Tamara akuti ndinawachititsa manyazi ku Katawa konse ndipo akudikirabe kuti ndipepese. Adikire. Pa ukwati wa Tamara a Mhone anavina mpaka fumbi kobo, ndi mapazi onse awiri.