Mafomu Anga a Zauchigawenga

Lolemba, 3 Febuluwale

Digiri yachiwiri ya zauchigawenga ndi chitetezo yatsala pang'ono kulowa m'thumba. Chatsala ndi kafukufuku basi: anthu makumi awiri a kuno ku Chinsapo andiuze ngati amaopa zigawenga. A Dokotala ondiyang'anira kusukulu akufuna mayankho Lolemba likudzali. Ndikaphonya, gauni ndidzavala chaka chamawa.

Zida zanga: mafomu, mabolopeni awiri, tayi wa paukwati, kabaji ka kusukulu kolendewera pakhosi.

Mkazi wanga, Make Tadala, akuti, "Mwezi wa njala uno inu muziyenda ndi mapepala m'makomo? Chabwino." Sindikumva chomwe akutanthauza. Ndayamba ndi alandilodi athu, Mayi Nachisale.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Ndikutsegula chitseko m'mawa, pakhonde pali anthu, aliyense chitupa cha unzika m'manja. Alandilodi ndiwo awaitana. Ndasangalala kwabasi, kani anthu akwathu amakonda maphunziro chonchi!

Ndikuwafotokozera kuti ndi za kusukulu, palibe cholandira. Onse akuvomera mwaulemu. Bambo wina akuti, "Amatero onse poyamba, bwana. Ingotilembani."

Mafomu atha tiyi asanazizire. Ndakachititsa fotokope ena.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Ndikuwerenga mayankho, mutu ukuwawa. Funso likuti: kodi mumaopa zigawenga?

"Kwambiri, ndiponso ndine wamasiye."

"Eya, makamaka ana anga asanu ndi awiri."

"Zinabwera ndi mvula ija, zinagwetsa khoma la bafa."

Wina wangolemba kuti, "Yankho lolowetsa munthu m'kaundula ndi liti?"

Alandilodi alemba kuti pakhomo pawo ndi anthu khumi ndi anayi. Amakhala okha ndi mphaka. Tsopano ndamvetsa: akuyesa ndikulemba maina a olandira chimanga chaulere.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Mzere wafika pamjigo. Otopa akusiya mwala, njerwa kapena chigubu chowasungira malo. Ena atsika minibasi kuchokera ku Biwi.

Ndakwera pampando kuti ndithetse nkhaniyi. Ndikuti malamulo a kafukufuku salola kulemba dzina la munthu, taonani, pafomu palibe malo a dzina. Ndayatsa moto.

Anthu akukuwa kuti, "Ndiye kuti maina mukalemba a abale anu!"

Mayi wina wandilanda bolopeni n'kulemba yekha dzina lake, nambala ya foni ndi mudzi wakwawo ku Dedza.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Si ine ndinakhoza bwino phunziro la kasamalidwe ka khamu la anthu? Ndakonza polowera pamodzi, potulukira pamodzi, chingwe choyanikira zovala chikhale malire. Cholinga n'choti amve uthenga wanga mmodzimmodzi, azipita.

Zayenda bwino mopitirira. Akuona dongosololi akuti, "Mwaona? Za boma zimaoneka." Mzere wawirikiza, ndipo pafika wogulitsa zitumbuwa.

Agogo ena aamuna andigwira dzanja n'kundinong'oneza kuti sanadye kanthu chiyambire dzulo. Zigawenga sanazitchule n'komwe. Ndachita manyazi, tayi ndavula.

Loweruka, 8 Febuluwale

Pulani yomaliza: ndikafunse ku Kawale, komwe sandidziwa. Ndatulukira kumpanda wakuseri, mafomu m'jumbo ya sopo.

Kondakitala wa minibasi akundiyang'anitsitsa. "Si inu a chimanga aja? Khalani kutsogolo, bigi."

Pofika ku Kawale minibasi yonse yatsika nane limodzi. Sindinafunse munthu ndi mmodzi yemwe.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Kutchalitchi sindipita. Ndamva kuti amayi a Mvano akufuna kundiona tikaweruka.

Mafomu odzazidwa ali mulu patebulo, loti n'kugwiritsa ntchito palibe. Ndikanatha kuwatumiza momwemo, dziko likanadziwa kuti Chinsapo yense sagona chifukwa cha zigawenga. Koma ndalembera a Dokotala zoona zokhazokha. Ayankha mwachidule: ndidzayambirenso anthu akakolola. Gauni ndi chaka chamawa, ndipo zikundiwawa.

Ndikusuzumira pawindo. Miyala ya mzere wa mawa yayalidwa kale. Pachitatu pali chigubu chachikasu chomwe ndikuchidziwa bwino, ndi chathu.

Make Tadala akupitiriza kusita malaya, osandiyang'ana. Akuti, "Mwina mukhoza kukhala kuti mukundibisira inenso."