Tambala Wanga ndi Mabatire Anayi

Lolemba

Mlamu wanga wa ku Lusaka wandisiyira kamakina kake kamasewera. Kokwana m'manja, kagalasi kake ngati bokosi la machesi. M'katimo bwana wina waphedwa m'nyumba mwake, wofufuza ndine. Pangano: ndikatchula wakupha pofika Lamulungu, kamakina nkanga. Ndikalephera, tambala wanga wofiira alowa mumphika. "Imwe mulamu muziba chabe ng'ombe," akutero, ati ine chomwe ndimadziwa ndi ng'ombe basi. Tiona. Mbuzi ya a Tembo itasowa, ndinaipeza ndine potsata mapazi.

Oganiziridwa: mkazi wa bwana, wophika, dalaivala, dokotala wandevu.

Lachiwiri

Ndafunsa onse anayi. Dalaivala akunama, ndikumuona. Ndapeza kiyi m'nsapato ya malemu. Ndikufika pachitseko cha kukhitchini, kagalasi kakuzilala, zii. Mabatire. Ndikawagwedeza n'kuyatsanso, kaiwala zonse. Bwana akufanso pamaso panga.

Lachitatu

Mabatire ali padenga, akuwotha dzuwa pamalata monga timachitira ndi a wailesi. Masana ndikuwatsitsa akutentha, ndikuwaluma pang'ono kuti adzuke. Akundifikitsa pa nsapato basi. Bwana wafa kawiri lero. Mano akuwawa.

Lachinayi

Mabatire a wailesi ndi aakulu, sakulowa. Ndabwereka limodzi la wotchi yapakhoma, osauza munthu. Nchifukwa chake mkaka ndafika nawo kogulitsira ku Palabana dzuwa lili pamutu, utasasa. Pobwera ndikupeza mai a kunyumba ali chilili pakhomo. "Ba polisi, fufuzani uyo wamene anasiya khola losatseka. Ng'ombe zadya repu yonse kudimba." Mlandu uwu ndaupeza msanga, koma sindinalengeze.

Lachisanu

Panjinga mpaka ku Chongwe. Mabatire atsopano anayi, otchipa aja. Wogulitsa akulumbira: "Aya yamankhala mwezi, mudala." Ndikukhala pansi pa mtengo kuseri kwa msika, zala zikuthamanga chifukwa njira ndailoweza. Nsapato, kiyi, bodza la dalaivala. Chitseko cha kukhitchini chikutseguka! Ndikuona mwendo wa tebulo. Zii.

Ndikubwerera kukadandaula. Wogulitsa uja wapita kukadya, akuti.

Loweruka

Sindikusewera. Ndikuyang'ana tambala akuyenda pabwalo mwaufumu, osadziwa kanthu. Ndinamulera kuyambira ali kamwanapiye, kabawi atatenga amake. Mtima ukundiwawa ndithu. Ndikufunsa ngati mlamu angazindikire titamuphera thadzi lokalamba lija. Mai a kunyumba akuti thadzi ndi lawo, ndipo iwo sanapangane ndi munthu. Ndikanatchula dalaivala, koma wofufuza weniweni salankhula popanda umboni.

Lamulungu

Mlamu wafika titangoweruka kutchalitchi, m'manja atasamba kale. Ndavomera: sindikumudziwa wakupha. Pangano ndi pangano.

Akutafuna ntchafu ya tambala wanga, ndikumupempha andiuzeko wakupha kuti ndigone bwino. Akupukuta mafuta pakamwa. "Ah, siniziba naine mulamu. Mabatire yamanisilila pachitseko cha kukhitchini."

Nayenso mabatire amamuthera pomwepo! Ndiye kuti ndikanangotchula aliyense, ngakhale dokotala wandevu, iye sakananditsutsa.

Kamakina kabwerera ku Lusaka pa minibasi. Wotchi idakaima pa Lachinayi, ndipo woti atidzutse mawa palibe. Imfa imodzi yokha sabata ino ndikumudziwa mwini wake. Mpeni ndinagwira ndine.